Tenti ndi Masipika Zidikire Kaye

Munthu akabwerako ku opaleshoni yaikulu, ife Amalawi timadziwa chochita. Timabwereka tenti ndi mipando, timaitana kwaya, timaika masipika pakhonde, ndipo abale ochokera ku Dedza, ku Ntcheu ngakhale ku Mzimba amadzaza bwalo kudzathokoza kuti m'bale wathu wabwera wamoyo. Mwambowu ndi wabwino, ndipo m'nyumba za ku Area 10 muno mu Lilongwe, kumene mabwalo ndi aakulu ndipo kapinga amakwana khamu lonse, suvuta kukonza. Koma pali opaleshoni ina imene phwando lotereli, likafulumira, limamuzunza amene tikumukondwererayo. Tikunena za opaleshoni yochotsa chotupa cha pa mtsempha wa khutu.

Chotupachi madokotala amachitcha acoustic neuroma, ena amati vestibular schwannoma. Si khansa, ndipo sichifalikira ku ziwalo zina. Chimamera pa mtsempha wochoka mkati mwa khutu kupita ku ubongo, ndipo mtsemphawo uli ndi ntchito ziwiri: kunyamula mawu amene timamva, ndi kuuza ubongo ngati taima mowongoka, tapendekeka kapena tikutembenuka. Chimakula pang'onopang'ono, kawirikawiri milimita imodzi kapena mamilimita awiri pa chaka. N'chifukwa chake munthu amatha zaka akungodabwa kuti foni akuimva bwino khutu limodzi lokha, kapena kuti khutu linalo likulira ngati nyenje ya mu Okutobala. Ndi nthenda yosowa, ya munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100,000 aliwonse pa chaka, ndipo imapezeka pojambula mutu ndi makina a MRI. Chotupa chikakhala chaching'ono, dokotala angathe kungochiyang'anira kapena kuchiwotcha ndi cheza champhamvu. Chikakula n'kuyamba kupanikiza ubongo, chimafunika kuchotsedwa, ndipo mabanja ena athu amapita mpaka ku India kapena ku South Africa kukachititsa opaleshoniyi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, odwala oposa theka ankamwalira ndi opaleshoni imeneyi. Dokotala wa ku America, Harvey Cushing, amene analemba buku la zotupazi mu 1917, anachepetsa imfazo kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1960 William House wa ku Los Angeles anayamba kuichita pogwiritsa ntchito maikulosikopu. Lero amene amamwalira sakwana mmodzi pa 100 aliwonse. Choncho nkhani yaikulu masiku ano ndi ya miyezi imene imabwera munthu akatuluka m'chipatala, ndipo miyeziyo ndi imene mabanja athu saikonzekera.

Taganizirani mmene tentiyo imaonekera kwa mayi amene wangotha masabata atatu chichitireni opaleshoni. Nthawi zambiri khutu la mbali yochitidwayo silikumvanso. Munthu wa makutu awiri amatha kusankha mawu a mnzake pakati pa phokoso, koma wa khutu limodzi zonse zimangosakanikirana, kwaya, ana, mbale ndi jenereta. Anthu akuyendayenda mbali zonse, iye akutembenuza mutu kuti aone amene akumupatsa moni, ndipo kutembenuka kulikonse kukumubweretsera chizungulire. Mwina theka la nkhope lafooka, ndipo aliyense akufuna chithunzi. Amapirira maola anayi chifukwa cha ulemu, kenako n'kugona masiku awiri.

Choipa kwambiri n'chakuti phwandolo limalengeza kuti nkhani yatha. "Amayi, mwachira ndithu, simukuoneka ngati munadwala," timatero ndi mtima wabwino. Chipsera chabisika kuseri kwa khutu, tsitsi lamera, ndiye tonse timabwerera kuntchito zathu. Ndipo ku Area 10, kumene nyumba iliyonse ili mkati mwa mpanda ndipo mlendo amayamba waimba foni asanabwere, wodwalayo angathe kutha mwezi wathunthu akungoona mlonda ndi wantchito wa m'nyumba. Ku Kawale kapena ku Area 25 mnansi amangosuzumira pakhomo popanda chomuitanira. Apa anzathu a kumeneko anatiposa.

Nanga tisasangalale? Ayi, tisangalale, ndipo kawirikawiri kuposa kamodzi kaja. Kungoti tidziwe chimene tikusangalalira. Kuchira kwa opaleshoniyi kumabwera tizidutswatizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi tsiku lake loyenera kulikumbukira.

Tiyambe ndi kuyenda. Kuti munthu aime osagwa, ubongo umadalira zinthu zitatu: makutu amkati, maso, ndi zimene mapazi akumva pansi. Mtsempha wa mbali imodzi ukadulidwa, ubongo umasokonezeka chifukwa ukulandira uthenga kuchokera khutu limodzi lokha. Masiku oyamba chipinda chimazungulira, ndipo ngakhale kukhala tsonga pabedi ndi ntchito. Koma ubongo umaphunzira kudalira mbali yotsalayo, ndipo umaphunzira pokhapokha munthu akamayenda ndi kutembenuza mutu. Apa ndi pamene chifundo chathu chimalakwitsa. "Gonani, mupume," timatero, n'kumubweretsera zonse pabedi, osadziwa kuti tikuchedwetsa kuchira. Ngakhale mankhwala oletsa chizungulire, akamwedwa masabata ambiri, amachedwetsa kuphunzira kumeneku. Masewera olimbitsa thupi othandiza pa vutoli anayambitsidwa ku England m'zaka za m'ma 1940 ndi madokotala awiri, Cawthorne ndi Cooksey, ndipo mpaka lero a fiziyo amawaphunzitsa. Amodzi mwa masewerawa ndi osavuta kuwafotokoza: kumata chilembo pakhoma, kuchiyang'anitsitsa, n'kumatembenuza mutu uku ndi uku maso osachoka pachilembocho. Pemphani dokotala akutumizeni kwa a fiziyo, monga a ku Kamuzu Central Hospital, kuti akuyezereni mlingo woyenera.

Ndiye masiku oti tiwakumbukire ndi otere. Tsiku limene bambo anayenda okha kuchoka kuchipinda kufika kubafa. Tsiku limene anafika pageti n'kubwerako osagwira khoma. Tsiku limene anayenda pakapinga, pakuti kapinga ndi wofewa ndipo amanamiza mapazi, choncho ndi wovuta kuposa simenti. Tsiku limene anatuluka kunja kwa mpanda n'kuzungulira mumsewu, pansi pa mitengo, akuponda miyala ndi mizu, akupewa ngalande. Kenako tsiku limene analowa m'sitolo ku Pacific Parade n'kudutsa pakati pa mashelefu akuyang'ana uku ndi uku. Chomalizachi musachipeputse: mashelefu odzaza mitundu, magetsi owala ndi anthu odutsana zimasokoneza maso amene tsopano akugwira ntchito ya khutu, ndipo odwala ambiri amati sitolo ndi yovuta kuposa msewu. Mdima ndiwo umatsalira kumapeto, ndipo kwa ena suthera konse. Magetsi akazima usiku, pa zinthu zitatu zija pamatsala mapazi ndi khutu limodzi. Tochi pafupi ndi bedi si chizindikiro chakuti munthu walephera.

Nkhope ili ndi kalendala yakeyake, ndipo ndi yochedwa. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa mophatikana ndi wa khutu, moti chotupa chimautambasula ndipo dokotala amachita kuuleretsa pochotsa chotupacho. Ukavulala, mbali imodzi ya nkhope imagwa: pakamwa pamakhota, madzi amadontha pomwa, chikope sichitseka. Mtsempha ukamachira umakula pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, choncho kusintha kumatenga miyezi, nthawi zina chaka kapena chaka ndi theka. Madokotala amayeza kufookaku pa muyeso wa House ndi Brackmann, kuyambira 1, nkhope yabwinobwino, mpaka 6, yosagwedezeka konse. Kuchoka pa 5 kufika pa 4 mlendo sangakuone, koma kwa mwini wake ndi nkhani yaikulu. Tsiku limene kangodya ka mlomo kanagwedezeka koyamba, tsiku limene anamwa tiyi wa chidede osadontheza, tsiku limene diso linatsinzina lokha, amenewo ndiwo masiku ophikira chakudya chapadera.

Za disolo tiwonjezepo mawu, chifukwa apa pali ngozi yeniyeni. Diso losatseka limauma, ndipo fumbi la Lilongwe la mu Ogasiti mpaka mvula itagwa lingathe kulichititsa chilonda. Mankhwala odonthezera masana, odzola usiku, kumata chikope pogona ngati dokotala wanena, ndi magalasi potuluka panja, zisadumphidwe ngakhale tsiku limodzi. Diso likafiira n'kumapweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukaona madzi oyera ngati a pampopi akutuluka m'mphuno, m'khutu kapena pabala, kapena mukamamva madzi amchere akutsikira kukhosi, chifukwa angakhale madzi ozungulira ubongo akuchucha. Kutentha thupi pamodzi ndi kuuma khosi ndi mutu waukulu sikodikirira kuti kuche.

Wosewera mafilimu wa ku America, Mark Ruffalo, anachitidwa opaleshoniyi mu 2001, patangopita masabata ochepa mwana wake woyamba atabadwa. Mbali yakumanzere ya nkhope yake inafooka kwa miyezi yambiri isanabwerere, ndipo anapitiriza ntchito yake mpaka kudzadziwika dziko lonse monga Hulk. Koma khutu lake lakumanzere silinamvenso mpaka lero. Timutchula chifukwa cha mbali ziwiri zonsezo. Zina zimabwerera, zina sizibwerera, ndipo banja limene likudikira kuti zonse zibwerere kuti lisangalale lidzadikira mpaka kalekale.

Pa nkhani ya khutu, chokondwerera ndi luso latsopano. Munthu wa khutu limodzi sadziwa kumene mawu akuchokera. Mukamuitana kukhitchini amayang'ana kuchipinda. Izi m'nyumba zimaseketsa, koma pamsewu, pamene njinga yamoto ya kabaza ikubwera kumbuyo, ndi zoopsa, ndipo ayenera kuzolowera kuoloka ndi maso, akuyang'ana mbali zonse kawiri. Amaphunzira kukhala pakona ya tebulo kuti khutu labwino liyang'ane anthu. Sabata loyamba kubwerera kutchalitchi amasankha mpando umene khutu lomva likuloza kuguwa, kutali ndi sipika, ndipo mwina amangokhala mpaka ulaliki utatha n'kupita kwawo osadikira za masana. Limenelo ndi tsiku lalikulu. Lalikulu kuposa pamenepo ndi tsiku limene ananena yekha, mopanda manyazi, kuti, "Pepani achimwene, dutsani mbali iyi, uku sindimva." Pali zipangizo zimene zimatola mawu mbali yogonthayo n'kuwatumiza kukhutu labwino, zotchedwa CROS, ndipo akatswiri a zamakutu, monga a ku ABC Hearing Clinic ku Area 47, angayeze khutu lotsalalo ndi kulangiza ngati zingathandize. Khutu limenelo tsopano ndi chuma: pachigayo, paukwati kapena pafupi ndi jenereta, litetezedwe.

Kutopa ndiko kumene achibale amakumvetsa mochedwa. Ubongo ukugwira ntchito tsiku lonse kuti thupi liime ndiponso kuti umve ndi khutu limodzi, ndipo pofika masana mphamvu zatha. Ambiri amabwerera kuntchito patatha masabata 6 mpaka 12, ena mochedwerapo, ndipo ndi bwino kuyamba ndi theka la tsiku. Amene amagwira ntchito ku Capital Hill kapena ku City Centre asanyengedwe ndi kufupika kwa mtunda: kuyendetsa galimoto kumafuna kutembenuza mutu mwachangu pa raundabauti iliyonse, ndipo chilolezo chake chichoke kwa dokotala.

Timalimbikitsa kabuku. Kope wamba la ana asukulu likwanira. Madzulo aliwonse wodwala, kapena womusamalira, alembe deti ndi chinthu chimodzi chimene chatheka. Phindu lake limaoneka pa tsiku loipa, pakuti masiku oipa amabwera ndithu: chimfine, kusagona, ulendo wautali, ndipo chizungulire chimabwerera ngati sichinachokepo. Munthu amaganiza kuti wabwerera pachiyambi. Akatsegula kope n'kuona kuti masabata asanu apitawo sankatha kusamba yekha, mtima umakhala pansi. Kopelo limathandizanso pokaonana ndi dokotala, amene amafuna kudziwa deti limene nkhope inayamba kugwedezeka. Chimene sitilimbikitsa ndi kuyerekeza ndi anthu a pa Facebook amene akuti anathamanga makilomita 10 patatha mwezi umodzi. Chotupa chawo, msinkhu wawo ndi njira imene dokotala wawo anadzera n'zosiyana ndi zanu.

Kasangalalidwe kake kakhale kogwirizana ndi munthuyo. Anthu atatu kapena anayi pakhonde, wailesi ndi TV zozimitsa, mmodzi akulankhula ena akumvetsera. Chakudya chofewa chimene amachikonda, futali kapena maungu, poti kutafuna mbali imodzi n'kovuta ndipo kwa ena lilime silimva kukoma monga kale. Ulendo wam'mawa ku Botanic Gardens dzuwa lisanatenthe. Ola limodzi, basi. Zithunzi ajambulidwe akafuna yekha, ndipo zisatumizidwe pa gulu la WhatsApp la banja asanavomere. Mwini wake ndiye anene chimene chili choyenera kukondwerera, chifukwa ife tingaone kuti kubwerera kuofesi ndiye chachikulu, pamene iye chimene chamuliza ndi chimwemwe n'chakuti wathanso kuimba likhweru poitana galu. Ndipo amene wakhala akumuthira mankhwala m'diso usiku uliwonse kwa miyezi inayi, mwamuna wake, mkazi wake kapena mwana wa mlongo wake wochokera kumudzi, nayenso apatsidwe tsiku lopuma ndi mawu othokoza pamaso pa onse.

Kwa ife abale ndi anansi, ntchito yathu ndi kugawana kalendala. M'malo moti tonse tibwere Lamlungu limodzi, mmodzi atenge Lachiwiri m'mawa kukayenda naye, wina Lachinayi, ndipo tipitirize mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi. Poyenda naye tikhale mbali ya khutu lomva, tisamugwire mkono pokhapokha atapempha.

Tenti ija ingabwere patatha chaka, mwina pambuyo pa kujambulidwanso ndi MRI kumene madokotala amapempha pofuna kuona kuti chotupa sichikumeranso. Pofika nthawi imeneyo iye adzakhala akudziwa mbali yokhala, maola amene angapirire, ndiponso amene akufuna kuwaitana. Masipika adzaikidwe kumapeto kwa bwalo, ndipo m'nyumba mudzasiyidwe chipinda chimodzi chachete choti akapumiremo akatopa.