Nyimbo ija adaimba ndani?

Loweruka lapitali pa gulu lathu la WhatsApp padabuka mkangano womwe udafika mpaka usiku. Gululi tilimo anthu omwe tidaphunzira limodzi ku sekondale, ndipo ntchito yake ndi iwiri basi: kutumizirana nyimbo ndi kukangana. Wina amati Black Missionaries ya nthawi ya Evison Matafale palibe angaifike, wina amati tisiye kulirira zakale timvere amapiano. Sabata iliyonse zimatha choncho, popanda wogonja.

Tsikulo mnzathu wina adaponya mix ya nyimbo zakale za kwathu konkuno. Chapakati pake padali nyimbo ya banjo, mawu a woimbayo okhala ngati akudandaula, ng'oma ikugunda pansipansi. Ndidaibwereza katatu, kenako ndidafunsa: "Aise, ya banjoyi adaimba ndani?" Wotumizayo adati: "Kaya amwene, inenso ndangolandira." Nditayang'ana dzina la mix ija ndidangopeza zilembo AUD ndi manambala omwe WhatsApp imadziikira yokha. Wina adati ndi Daniel Kachamba, wina adalumbira kuti ndi Robert Fumulani, winanso adati mawu amenewo ndi a Giddes Chalamanda. Anthu oposa makumi awiri, aliyense ndi foni yamakono m'manja, koma dzina la munthu mmodzi lidatikanika.

Lamulungu lake ndidakaona malume ku Bangwe, ndipo ndidawatsegulira nyimbo ija. Sipadathe ngakhale masekondi khumi.

"Ameneyu ndi Allan Namoko, mphwanga. Iwe osamudziwa Namoko?"

Ndidavomera mwamanyazi kuti dzinalo ndimangolimva. Adandifotokozera kuti Namoko adali woimba wosaona wa ku Thyolo, katswiri pa banjo, ndipo gulu lake linkatchedwa Chimvu River Jazz Band. Kenako adalowa kuchipinda n'kutuluka ndi katoni yodzaza makaseti.

Chidandigwira mtima ndi timapepala ta m'zikuto za makasetiwo. Kaseti iliyonse idali ndi mndandanda wolembedwa ndi bolopeni: mbali A, mbali B, dzina la nyimbo, dzina la woimba. Malume akuti ankajambula pa wailesi ya MBC, chala chili pa batani, khutu lili tcheru kudikira kuti muulutsi atchule dzina. Kaseti ya mphindi 90 inkalowa mphindi 45 zokha mbali imodzi, choncho nyimbo iliyonse inkayenera kuganiziridwa bwino isanalowemo. Ina idali ndi maluwa ojambula pamanja pachikuto.

"Nanga iyi, malume?"

"Imeneyo ibweze. Ndidapangira mayi a kunyumba kuno tili pachibwenzi."

Musaganize kuti ndikufuna kukuuzani kuti kale zonse zidali bwino. Makaseti a malumewo nawonso kudali kukopera kosalipira, ndipo oimba a nthawi imeneyo ankalira nazo. Kugawana nyimbo sikudayambe ndi ife. Tidachoka pa kaseti kupita pa CD za kwa anyamata oponyera nyimbo mumsika, kenako pa memory card, pa Bluetooth, lero tili pa WhatsApp. Mix ndi mphatso, ndi njira youzira mnzako kuti "imva zomwe zikundisangalatsa", ndipo palibe choipa pa mtima umenewo. Koma m'njira monsemu tataya chinthu chimodzi chomwe malume sadataye, ndicho dzina la mwini nyimbo.

Mwina wina anena kuti dzina n'chiyani, bola nyimbo ikukoma. Komatu kwa woimba dzina ndiye nsima yake. Bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito za luso, limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo monga nyumba zoulutsira mawu, n'kuzigawa kwa eni ake potsata maina. Pa YouTube, Boomplay, Audiomack kapena Spotify, yomwe idafika kuno mu 2021, nyimbo ikamveredwa imawerengedwa pa dzina la mwiniwake. Ndiye mungaisake bwanji kumeneko nyimbo yomwe simukudziwa woimba wake? Wokonza zoimbaimba naye amaitana munthu yemwe dzina lake lili pakamwa pa anthu. Nyimbo yopanda dzina ikhoza kuzungulira mafoni chikwi, mwiniwake osapeza ngakhale ya sopo.

Taonani za a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, omwe adabadwa mu 1930. Adaimba kwa zaka zambirimbiri achinyamata ambiri osawalabadira. Mu 2020 Patience Namadingo adakhala nawo pansi n'kujambula nawo nyimbo zawo zingapo pamodzi, ndipo Linny Hoo idafalikira pa TikTok mpaka kumaiko akutali. Imene ijanso idali mix ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini nyimbo adali pomwepo, nkhope ikuoneka, dzina likutchulidwa. Lero ngakhale mwana wa pulayimale akudziwa kuti a Chalamanda ndi ndani.

Ineyo sindine wolungama pa nkhaniyi. Foni yanga ndi yodzaza ndi nyimbo zomwe sindidalipire, ndipo ndikudziwa chifukwa chake: bandulo ya WhatsApp ndi yotchipa, pamene kumvera nyimbo pa intaneti kumadya ndalama ngati moto wa m'tchire. Kuuza wachinyamata yemwe akusaka ntchito kuti asiye kulandira nyimbo kwa anzake n'kungotaya malovu. Zomwe ndikupempha ndi zazing'ono. Mukapanga mix, lembani mndandanda wa nyimbo ndi oimba ake, muutumize limodzi. Mukalandira yopanda mndandanda, funsani musanaiponyere wina. Nyimbo ikakugwirani mtima, tsiku lomwe mwapeza Wi-Fi kaimvereni pa tsamba la mwiniwake. Akabwera kudzaimba m'dera lanu, lipirani pachipata, osalowera kumpanda.

Palinso chifukwa china chochitira changu. Matafale adatisiya mu 2001, Wambali Mkandawire mu 2021, Lucius Banda mu June 2024. Nyimbo za anthu amenewa zili ndi mwayi chifukwa maina awo ndi aakulu. Koma alipo oimba ambiri a magitala ndi mabanjo omwe adajambulitsa nyimbo imodzi kapena ziwiri ku wailesi n'kubwerera kumudzi kukalima. Maina awo ali m'mitu mwa anthu ngati malume anga, ndipo anthu amenewa sakhala nafe mpaka kale. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tiyeni tiwafunse adakali moyo.

Madzulo a tsikulo tidakhala pakhonde kumvera mix yonse, malume akutchula maina, ine ndikulemba mu foni. Nditatumiza mndandandawo pa gulu, yemwe adalumbira kuti ndi Fumulani uja adakhala chete kwa ola lathunthu, kenako adatulukira ndi mkangano watsopano woti pakati pa Namoko ndi Kachamba wamkulu ndani. Tagwirizana lamulo limodzi: mix yopanda maina, admin aifufute.

Potsanzika ndidapempha kuti ndibwereke kaseti ya maluwa ija. Malume adapukusa mutu.

"Jambula mndandandawo ndi foni yakoyo. Kasetiyo situluka m'nyumba muno."