Thalauzi lomwe azakhali anga analola

Loweruka lapitali ndinapita ku chinkhoswe ku Kawale nditavala malaya aatali ofika m'mawondo, thalauzi losathina, ndi kansalu kolendewera m'khosi. Zonsezi ndinazitola pa kaunjika mumsika wa Tsoka. Azakhali anga a ku Biwi, amene mtsikana wa thalauzi samupatsa moni bwinobwino, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Zachimwenyezi wazitenga kuti? Koma zakukhalatu."

Ndinawaonetsa kalebulo ka pakolala kolembedwa London. Iwo anangoseka. "Mwana iwe, izi tinkaziona ndi amayi a m'mashopu a ku Area 2 iwe usanabadwe."

Sananame. Chovalachi ndi salwar kameez, chotchuka ku Punjab, dera lomwe mbali ina ili ku India, ina ku Pakistan. Kansalu kaja amati dupatta. Ngakhale maluwa okhota ngati mango omwe ali pamalayawo sanayambire kwa Azungu. Iwo amawatcha paisley, dzina la tauni ya ku Scotland komwe, m'zaka za m'ma 1800, ankaluka nsalu motengera mashawelo a ku Kashmir. Mawu oti pyjama nawonso Angerezi anakawatola ku India.

Kwathu kuno nkhani ya thalauzi si yamasewera. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kulivala mpaka nthawi ya matipate. Mu Januwale 2012, mavenda ena anavula amayi ovala mathalauzi mu Lilongwe momwemuno. Mpaka lero ambirife timayenda ndi chitenje m'chikwama, kuopa maso a anthu mudepoti kapena a apongozi.

Sindikuti tizivala mokondweretsa mavenda, ayi, thupi ndi lathu. Koma tsiku lija ndinakwera kabaza momasuka, ndinagwada pamaso pa ankhoswe osakokakoka siketi, ndipo chitenje sichinatuluke m'chikwama.

Chondiwawa nchakuti fashoniyi tinaikana ili pafupi, ati ndi ya Amwenye, koma taikonda itazungulira ku London nkubwera m'belo, wina atavala kale. Chonsecho nsalu zili mbwee ku Area 2, ndipo atelala a pakhonde ku Chinsapo ndi ku Mgona akusowa makasitomala.

Ine ndagula kale mamita anayi a chitenje, telala wanga ku Area 23 akusoka. Azakhali nawo atumiza miyezo yawo pa WhatsApp. Ati lawolo thalauzi lisaonekere kwambiri.