ZA UMOYO: Cithunzi Coonetsa Kumene Mwazi Waleka Kufika

Mlimi wa m'dimba akaona ndiwo zafota mbali imodzi, adziwiratu ngalande imene yatsekeka. Madotolo a mtima nawonso atero.

Mtima udyetsedwa ndi mitsempha yaikulu itatu, uliwonse ndi cigawo cake. Umodzi ukatsekeka ndi mwazi wogwirana, mnofu wa cigawo cimeneco uleka kufinya. M'caka ca 1935, Tennant ndi Wiggers a ku America anaona pa agalu kuti zimenezi zicitika mwamsanga, monga pa mphindi imodzi cabe. Panthawiyo mnofu uli usanafe ai. Kufa kuyamba patapita mphindi 20 kapena 30, ndipo pokwana maola 6 mbali yaikulu ikhala itatha.

Makina oonera zimenezi anacokera kumalo osayembekezeka. Mu 1953, ku Lund m'dziko la Sweden, Dotolo Inge Edler ndi mnzace Hellmuth Hertz anabwereka makina ofunira ming'alu m'zitsulo za zombo, nawaika pacifuwa. Makinawo atumiza liu losamveka m'khutu, limene libwerera monga mau a munthu wofuula m'phanga, nilijambula mtima uli kugunda. Ali a mtundu umodzi ndi aja opimira amai apakati.

Dotolo akaona khoma la kutsogolo kwa mtima lili duu pamene kwina kukugwira nchito, aganizira mtsempha wa kutsogolo. Likakhala la kunsi, kawirikawiri ndi wa kumanja.

Codabwitsa cinaoneka ku Osaka, Japan, mu 1992. Hiroshi Ito ndi anzace anathira timathovu tating'ono m'mitsempha ya odwala amene anali atangotsegulidwa mtsempha. Mwa ena cithunzi cinaonetsa kuti mwazi sukulowabe mumnofu, cifukwa timitsempha tating'onoting'ono tinali titaonongeka kale. Mitima ya odwala amenewa sinabwezenso mphamvu bwino. Ngalande inatseguka, koma madzi sanalowe m'nthaka.

Makinawa sacita zonse okha: cipsera ca matenda akale cingathe kufanana ndi bvuto latsopano, motero dotolo apimanso mwazi ndi kagundidwe ka mtima. Ndiponso sathandiza wocedwa. Ambiri akamva cifuwa kulemera ngati cabanikizidwa ndi mwala, ululu ukutsikira kudzanja lamanzere, thukuta lili kamukamu, ayesa cilungulira, namwa madzi, nadikira kuti kuce.