Pakhosi pa injini: mawu kwa makolo ndi anyamata athu



Pali nkhani ina imene imautsa mkangano m'mabanja athu kuno ku Britain, ngakhale sitiikamba pamisonkhano. Mnyamata akagula galimoto yake yoyamba, sipapita nthawi asanayambe kuisintha kuti izithamanga kwambiri, ndipo ena amayambira pa chipangizo chotchedwa throttle body. Ife amene ntchito yathu ndi yothandiza mabanja timaona kholo likukalipa osadziwa chimene likuletsa, mwananso akuumirira osadziwa chimene akuika pachiswe. Tiyeni tsono tiimvetse bwino nkhaniyi.

Injini ya petulo imapuma monga munthu. Kuti gilamu imodzi ya petulo iyake bwino, pamafunika magilamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Mpweyawo umadutsa pa sefa, kenaka pa throttle body, usanagawidwe kumasilinda. Tinganene kuti apa ndiye pakhosi pa injini: kampope kakafupi kokhala ndi kachitseko kobulungira ngati ndalama yachitsulo. Woyendetsa akaponda moto, kachitsekoko kamatseguka, mpweya umalowa wochuluka, ndipo kompyuta ya galimoto imaonjezera petulo molingana ndi mpweyawo.

Ofuna liwiro amakuza bowo la kampopeka pa makina, ena amasalaza m'kati mwake, enanso amagula kena kakakulu. Masamu ake ndi okopa ndithu: bowo la mamilimita 60 likafika pa 70, malo odutsa mpweya amakula ndi magawo 36 pa 100 alionse. Koma injini ya malita 1.6 yopanda turbo imakoka mpweya wosapitirira kwenikweni malita 1.6 ikazungulira kawiri, khosi likule bwanji. Kukuza khomo sikukuza chipinda. Ngati mavavu, mapaipi ndi ekizozi zili momwe zidachokera kufakitale, phindu lake ndi lochepa. Mnyamata amamva galimoto ikudumpha akangokhudza moto, nayesa kuti mphamvu yachuluka, pamene chasintha n'chakuti kuponda pang'ono kukulowetsa mpweya wambiri msanga. Phindu lenileni limaoneka pa injini imene zina zonse zasinthidwa kale, ndipo kompyuta yake yakonzedwanso ndi katswiri.

Ntchitoyi ikagwiridwa mwachisawawa, kachitseko sikatsekanso bwino. Injini imanjenjemera kapena kuzima pa maloboti, ndipo nyali yochenjeza imayaka. Kuyambira mu May 2018, nyali imeneyi ikakhala yoyaka, galimoto zambiri zimalephera mayeso a MOT. Kawirikawirinso galimoto yakale yooneka yofooka imangofuna kuipukuta mwaye wa pa kachitsekoko ndi kuisinthira sefa.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi inshulansi. Makampani amafunsa ngati galimoto idasinthidwa, ndipo lamulo la mu 2012 lokhudza inshulansi ya ogula limati wobisa dala choonadi, kampani ikhoza kumuthetsera inshulansiyo, kukana kulipira, ndi kusunga ndalama zimene adapereka kale. Pakachitika ngozi, kampani ikhoza kulipira wovulalayo kenaka n'kudzalonjerera ndalamazo kwa woyendetsa. Woyendetsabe galimoto inshulansi itathetsedwa amalipira chindapusa cha mapaundi 300, amalembedwa mapointi 6, ndipo apolisi ali ndi mphamvu zolanda galimotoyo. Malinga ndi lamulo la mu 1995, amene wafika mapointi 6 zisanathe zaka 2 chikhozereni mayeso, laisensi yake imafafanizidwa, ndipo amayambiranso mayeso onse. Kwa ife obwera palinso china: mlandu wogamulidwa kukhoti umaunikidwa ndi a Home Office munthu akamapempha unzika. Kachitsulo kokwana m'manja kangathe kugwedeza zimene banja lavutikira zaka zambiri. Abale a ku South Africa ndi ku America, malamulo a kwanuko ndi ena, koma funsani kampani yanu musanamasule bawuti ndi limodzi lomwe.

Kodi tsono tiwaletse anawa? Ife tikuti ayi. Mnyamata amene amakhala Loweruka lonse mutu uli m'boneti ali ndi luso, ndiponso tikudziwa kumene ali. Tikamukaniza mwaukali, adzachitabe mobisa, ndipo kubisako ndiko kumaononga. Bwino tikhale naye pansi, atifotokozere chimene akufuna kuchita ndi phindu limene akuyembekeza. Kenaka aimbe yekha lamya ku kampani ya inshulansi ife tili pompo, amve mtengo watsopano, auyerekeze ndi mphamvu yochepa imene apeze. Ambiri akamva mtengowo amasintha okha maganizo. Ngati chidwi chake n'chozama, timulondolere ku koleji ya m'dera lathu kumene amaphunzitsa zaumakaniko, kapena ku galaja yolemba achinyamata ophunzira ali pantchito. Liwirolo akaliyesere pa mabwalo a mpikisano amene amatsegulira anthu wamba masiku ena, osati mumsewu wa kusukulu.

Ndipo inu anyamata, kufunsa si kupusa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Funsani makaniko wodziwa, funsani a inshulansi, afunseninso makolo anu, pakuti kalata ya ngongole ikadzabwera, idzafikira pakhomo pawo.

Tikumanenso mwezi wamawa. Yendani bwino pamsewu.