Musagawe phunziro losalankhula

Aphunzitsi anzanga, komanso inu ana anga amene tsopano mukuphunzitsa, ndili ndi dandaulo. Timagawana maphunziro a PowerPoint pa fulashi, koma ena amafika osalankhula. Kachithunzi ka sipika kamaoneka ndithu, koma ukadina, zii! Ine ndikuti mlandu umenewu ndi wa wopereka, osati wolandira.

Chimachitika n'chiyani? PowerPoint ya 2003 ndi ya 2007 inkasunga m'kati mwa fayilo mawu a WAV okha, osapitirira 100 KB, pokhapokha mwini atakweza malirewo. MP3 sinkalowa. Pulogalamuyo inkangolemba njira yopita kumene mawuwo ali, choncho ukakopera fayilo yokha, mawu ankatsala pa kompyuta yako. Kuyambira pa PowerPoint 2010, MP3 imalowa m'kati, bola usankhe Insert, osati Link to File. Koma maphunziro okonzedwa kale akuyendabe m'manja mwathu.

Ena amati, "Mawu akakana, mphunzitsi angowerenga yekha." Sindikuvomereza. Kuno ku Muloza mwana amakula akumva Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi cha anzathu a ku Milange. Chingerezi amachimva kwambiri m'kalasi, pomwe popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe. Ngati phunziro linakonzedwa kuti mwana amve katchulidwe ka mawu kapena ndakatulo ikulakatulidwa, mawuwo ndiye phunzirolo. Nanga mphunzitsi akataya theka la piriyodi akulimbana ndi kompyuta ana akuyang'ana, nthawiyo abweza ndani?

Mankhwala ake si ovuta. Pangani foda imodzi, muikemo mawu onse musanawalowetse m'phunziro, ndipo popereka mupereke foda yonse. Kapena gwiritsani ntchito Package for CD, yomwe inayamba mu PowerPoint 2003. Dzina lisakunamizeni: ili ndi Copy to Folder, ndiye simufunika CD. Ngati muli ndi PowerPoint 2013 kapena yaposachedwa, sungani phunzirolo ngati kanema wa MP4, aseweredwa ngakhale pa foni. Samalani ndi Google Slides: mawu amakhala ku Google Drive, ndipo wolandira amafunika intaneti ndi chilolezo chanu.

Chachikulu, yesani phunzirolo pa kompyuta ina musanapereke. Kompyuta yanu idzalankhula nthawi zonse chifukwa mawu ali momwemo. Mphindi 5 zoyesera zipulumutsa mnzanu ku manyazi pamaso pa ana a Fomu 4.