Zotupa za Mitsempha ya mu Ubongo: Luso Lafika Kunsonga, Odwala Akadali Kutali

CAPE TOWN – Mtsempha wa magazi ukaphulika mu ubongo, munthu amamva mutu woopsa mwadzidzidzi, ndipo ambiri amamwalira kapena kulumala. Kawirikawiri gwero lake ndi chotupa chimene madokotala amachitcha aneurysm, chomwe chimafufuma pamene khoma la mtsempha lafooka. Pafupifupi anthu akuluakulu atatu pa 100 alionse ali nacho, ngakhale kuti zambiri siziphulika.

Kuchokera mu 1937, pamene dokotala wa ku America, Walter Dandy, anayamba kupana zotupazi ndi kachitsulo, chithandizo chinali chotsegula chigaza. Zinthu zinasintha ndi njira ya Guido Guglielmi, yomwe inavomerezedwa ku America mu 1995. Kapaipi kowonda kamalowetsedwa mu mtsempha wa m'mphechepeche n'kukwera mpaka mu ubongo, ndipo chotupacho chimadzazidwa ndi tiwaya tofewa ta pulatinamu kuti magazi aundane n'kuchitseka.

Kafukufuku wa ISAT, wofalitsidwa mu 2002, anaunika odwala 2,143 amene zotupa zawo zinali zitaphulika. Patatha chaka, pafupifupi 24 pa 100 alionse othandizidwa ndi tiwayati anali atamwalira kapena osatha kudzisamalira, poyerekeza ndi 31 mwa amene anatsegulidwa chigaza.

Komabe zotupa zina zimakhala kunsonga, m'tinthambi tokhotakhota, tina tosakwana mamilimita awiri m'mimba mwake. Kumeneko kapaipi kangathe kuboola khoma la mtsempha. Kwa zaka zambiri madokotala ankatseka kanthambi konse ndi guluu wapadera, podalira kuti mitsempha yoyandikana ipereka magazi. Ikalephera kutero, wodwala amachita sitiroko.

Yankho lina ndi kachubu koluka ngati ukonde, kamene kamaikidwa m'kati mwa mtsempha kuti magazi azidutsa osalowa m'chotupa. Koyamba kanavomerezedwa ku America mu 2011, koma kanali ka mitsempha ikuluikulu. Timachubu tolowa m'tinthambi tinayamba kupezeka m'zaka zotsatira. Vuto lake n'lakuti wodwala ayenera kumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga aspirin ndi clopidogrel, kwa miyezi ingapo, zomwe n'zoopsa kwa munthu amene wangotaya magazi mu ubongo. Pachifukwa ichi, opaleshoni yotsegula chigaza ikadali yofunika.

Nkhaniyi ikukhudza chigawo chino mwapadera chifukwa zotupa zambiri za kunsonga zimayamba ndi tizilombo. Zilonda zapakhosi zosachizidwa mwa ana zimatha kuwononga mavavu a mtima, ndipo matendawa ndi ofala mu Africa. Mabakiteriya akakhazikika pamavavu owonongekawo, tizidutswa timanyotsoka n'kukatsakamira m'tinthambi ta mu ubongo, momwe timafoola khoma. Madokotala a ku South Africa aonanso zotupa zotere mwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV.

Chithandizo chodzera mu mtsempha chimaperekedwa pazipatala zazikulu monga Groote Schuur ku Cape Town ndi Inkosi Albert Luthuli ku Durban. Chimafuna makina ojambula mitsempha, akatswiri ophunzitsidwa zaka zambiri ndi zipangizo zogulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwa wodwala wa ku Mzimba, Chipata kapena Tete, mtunda ndiwo mdani, pakuti chotupa chimene chaphulika chimakonda kuphulikanso m'masiku oyambirira.

Choncho maboma a m'bungwe la SADC ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kugwirizana za malo ochepa okhala ndi zipangizo zokwanira, komanso njira yofikitsira odwala kumeneko msanga. Yachiwiri ndi yotsika mtengo: kuchiza zilonda zapakhosi ndi penisilini, kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kuchepetsa kusuta fodya. Popanda izi, luso latsopanoli lidzapulumutsa okhawo otha kukwera ndege.