Za Umoyo wa Banja: Kocirira Kusankhidwe Mimba Ikali Yaing'ono

Makolo akale sanalakwe pamene anacha mai woyembekezera kuti wapakati. Iwo anali kudziwa kuti munthu wotere ali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo akabereka bwino anali kunena kuti wacira, monga munthu amene wapulumuka pa nthenda yaikulu. Mau awiriwa akali kumveka mpaka lero m'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Cimene casintha ndi cakuti zambiri zimene zinali kupha azimai masiku amenewo tsopano zinafufuzidwa, zinadziwika, ndipo zili ndi mankhwala ake.

Ziwerengero za Boma zicitira umboni. Kalembera wa za umoyo wochedwa Zambia Demographic and Health Survey anaonetsa kuti m'zaka za 2001 ndi 2002, pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, azimai 729 anali kumwalira ali ndi pakati, pocira kapena m'miyezi iwiri atacira. Mu 2007 ciwerengeroci cinatsika kufika pa 591, m'zaka za 2013 ndi 2014 cinafika pa 398, ndipo mu 2018 cinali pa 278. M'zaka zomwezo azimai ocirira ku cipatala anaculuka: anali 48 pa 100 alionse mu 2007, anafika 67 mu 2013 ndi 2014, ndipo anakwana 84 mu 2018. Zinthu zina zinathandizako, monga mankhwala otalikitsa moyo kwa amene ali ndi kacilombo ka HIV, ndiponso kucotsedwa kwa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi mu 2006 ndi m'zipatala zazing'ono zonse mu 2012. Komabe azimai 278 ndi anthu ambiri, ndipo aliyense wa iwo anasiya nyumba ndi ana.

M'mabanja ambiri mai mwini wake sindiye amalamula za kocirira. Mau amakhala ndi apongozi, ambuya, alangizi kapena mwamuna amene asunga ndalama. Mu 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti azimai amafa cifukwa ca kucedwa kwa mitundu itatu: kucedwa kugamula kuti apite ku cipatala, kucedwa panjira, ndi kucedwa kulandira cithandizo atafika. Kucedwa koyamba kumacitikira pabwalo la nyumba, ndipo ndiko kumene banja lingathe kukuthetsa lokha ngati lakambirana pasadakhale, potsata zinthu zoyesedwa osati mphekesera.

SIKELO IYAMBE MSANGA

Mwambo wobisa mimba mpaka itaoneka uli ndi zifukwa zake, pakuti ena amaopa anthu a mitima yoipa ndipo ena amacita manyazi. Koma anamwino a ku sikelo salengeza za munthu m'mudzi. Mu 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organisation, linasintha langizo lake lakale la maulendo anai nkunena kuti wapakati aonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu, ulendo woyamba ukhale m'masabata 12 oyambirira. Mu 2018 azimai 37 okha pa 100 alionse m'Zambia ndiwo anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba.

Pa sikelo mai amapimidwa kuthamanga kwa magazi, kuculuka kwa magazi, cindoko ndi HIV. Amalandira mapiritsi oonjezera magazi, katemera wa kafumbata ndi ukonde woteteza ku udzudzu. Kuyambira sabata la 13 amayamba kumwa Fansidar woteteza ku malungo, kamodzi pa mwezi, kosacepera katatu mimba isanathe, popeza malungo amacepetsa magazi a mai ndi kubweza msinkhu wa mwana m'mimba. Mai wopezeka ndi HIV akayamba mankhwala msanga ndi kuwamwa mokhulupirika, mwana wake kawirikawiri amabadwa wopanda kacilomboko. Zonsezi zimagwira nchito bwino zikayamba msanga. Mai wofika ku sikelo mwezi wacisanu ndi ciwiri wataya kale theka la cithandizo cake.

PANYUMBA, KU KILINIKI KAPENA KU CIPATALA CACIKULU

Azamba a m'midzi anagwira nchito yaikulu kwa zaka zambiri, ndipo sayenera kunyozedwa. Kufufuza kumene kunacitika m'boma la Lufwanyama ku Migodi, kumene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2011, kunaonetsa kuti azamba a m'midzi ataphunzitsidwa kuthandiza khanda lolephera kupuma ndi kulifunditsa, imfa za makanda m'masiku 28 oyamba zinacepa ndi 45 pa 100 alionse. Koma nkhaniyi inali ya makanda. Mzamba wa m'mudzi, ngakhale waluso cotani, alibe magazi oonjezera mai amene akutaya magazi, ndipo sangathe kucita opaleshoni mwana akapingasa. Mai wotaya magazi atacira angathe kumwalira m'maola awiri okha, nthawi imene ngolo ya ng'ombe sinafike ndi pa mseu waukulu pomwe. Ncifukwa cake nchito ya azamba a m'midzi inasinthidwa kukhala yolangiza ndi kuperekeza, mothandizana ndi magulu a Safe Motherhood Action Groups, amene anthu amangowacha kuti a SMAG, omwe anayamba mu 2003.

Pali azimai ena amene kiliniki yaing'ono siiwakwanira. Amene anacitidwapo opaleshoni, amene akuyembekezera mapasa, amene mwana wakhala copingasa kapena watsogoza matako, amene magazi awo amathamanga kwambiri, mtsikana wamng'ono wa mimba yoyamba, ndi mai amene anabereka kale kasanu kapena kupitirira, onsewa ayenera kufunsa anamwino ngati si bwino kukacirira kumene kuli cipinda ca opaleshoni. M'Cigawo ca Kum'mawa muli zipatala zotere monga Chipata Central, St Francis ku Katete, Mwami, Nyanje ndi Minga.

Kwa okhala kutali, yankho loyesedwa ndi nyumba zodikirira zimene zimamangidwa pafupi ndi cipatala, kumene mai amapita kutatsala masabata owerengeka kuti acire. Maboma a Lundazi ndi Nyimba, pamodzi ndi Mansa ndi Kalomo, ndiwo anayambirira kulandira nchito ya Saving Mothers, Giving Life mu 2012, imene inaphatikiza kuphunzitsa azamba, kukonza zipatala ndi kupeza zoyendera. Pofika 2016 imfa za azimai m'maboma a nchitoyo zinali zitatsika ndi 41 pa 100 alionse.

Mafumu ena anaika malamulo a m'midzi olipiritsa banja limene mai wake wacirira panyumba, ena mbuzi, ena ndalama. Colinga cake ncabwino, koma mbuzi ya mlandu sifupikitsa mtunda. Mudzi umene uli ndi ngolo kapena njinga yosungidwira apakati, ndi kathumba ka ndalama zolipirira galimoto usiku, wacita coposa mudzi umene uli ndi lamulo lokha. Ndiponso mai amene walephera kugula beseni, zitenje kapena zobvala za mwana asakhale panyumba cifukwa ca manyazi. Kufika manja ali lende kuposa kusafika.

M'CIPINDA COCIRIRA

Kufufuza sikudzudzula miyambo yokha ai. Kwadzudzulanso zizolowezi zina za m'zipatala momwe. Mu 2018 World Health Organisation inatulutsa malangizo onena kuti mai amene matenda ayamba aloledwe kukhala ndi munthu womuperekeza amene iye mwini wasankha, kuti ngati alibe bvuto aloledwe kumwa, kudya ndi kuyendayenda, ndiponso kuti asakakamizidwe kucira ali cigonere cagada ngati afuna kukhala tsonga kapena kunjuta. Malangizowo anakana cizolowezi codula njira ya mwana kwa mai aliyense popanda cifukwa, anakananso kukanikiza mimba ndi manja pofuna kukankha mwana. Pano nzeru ya ambuya, amene sanali kusiya wapakati yekha, yapezeka kuti inali yoona. Zipinda zina nzopanikiza kotero kuti woperekeza sangalowe, koma banja lili ndi ufulu wofunsa, ndipo mai ali ndi ufulu wouzidwa cimene acitidwa ndi cifukwa cake, mwaulemu ndi m'cinenero cimene amamva.

Pa miyambo ina kufufuza kwalankhula mosabisa. Mankhwala a zitsamba ofulumizitsa matenda alibe muyezo, ndipo angathe kufinya ciberekero mopitirira mpaka kucing'amba kapena kubanikitsa mwana. Ku cipatala mankhwala ofulumizitsa matenda amaperekedwa ndi muyezo, mzamba akumvetsera kugunda kwa mtima wa mwana. Cikhulupiriro cakuti matenda akatalika ndiye kuti mai kapena mwamuna wake anayenda njira zacisembwere cimatayitsa maola ambiri pomuumiriza munthu kuulula. Mwana amakanika kutuluka cifukwa mutu wake ndi waukulu kuposa njira ya m'ciuno, kapena cifukwa wakhala molakwika. Mutu wa mwana ukakhalitsa m'njira, umaola minofu ndi kuboola cikhodzodzo, ndipo mai amatsala akutaya mkodzo kosalekeza. Nthenda imeneyi, yochedwa fisitula, imasokedwa m'zipatala monga St Francis ku Katete, koma kuipewa nkwapafupi kuposa kuisoka. Matenda opitirira maola 12 panyumba ndi cizindikiro cakuti nthawi yonyamuka inapita kale.

Zipatala nazo zili ndi zida zoyesedwa. Mu 2002 kufufuza kwa azimai oposa 10,000 m'maiko 33 kunaonetsa kuti jakisoni wa magnesium sulphate amacepetsa ndi theka kukomoka kobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Mu 2017 kufufuza kwina kwa azimai oposa 20,000 kunapeza kuti mankhwala a tranexamic acid akaperekedwa m'maola atatu mai atacira, imfa zobwera ndi kutaya magazi zimacepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu 2023 zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania zinaonetsa kuti kuyeza magazi otayika ndi nsalu ya pulasitiki yokhala ndi miyezo, m'malo mongoyerekeza ndi maso, nkupereka mankhwala onse nthawi imodzi, kunacepetsa zoopsa za kutaya magazi kwambiri ndi 60 pa 100 alionse. Palibe cimodzi mwa izi cimene cingacitike pa mphasa ya m'nyumba.

ZA OPALESHONI

M'midzi ena amaona mai wocira ndi opaleshoni ngati waulesi kapena wolephera, pamene m'matauni ena ayamba kuifuna poganiza kuti ndiyo njira yosabvuta. Maganizo onse awiri ngolakwika. Mu 2015 World Health Organisation inanena kuti m'dziko, opaleshoni zikamaculuka kufika pa 10 mwa obadwa 100 alionse imfa za azimai ndi makanda zimatsika, koma kupitirira pamenepo palibe umboni wakuti imfa zimapitiriza kutsika. Tanthauzo lake ndi lakuti opaleshoni imapulumutsa amene aifunikira, ndipo imaika paciswe amene saifunikira, cifukwa ili ndi zoopsa zake monga bala kuola ndi cipsera ca ciberekero kung'ambika pa mimba yotsatira. Dotolo akanena kuti opaleshoni ifunika, abale angafunse cifukwa cake, koma asataye nthawi kutumiza uthenga kumudzi kukapempha cilolezo kwa amalume. Azimai ambiri amene anacitidwa opaleshoni kamodzi amatha kudzacira mwa njira yacibadwa, pokhapokha akacirira ku cipatala cimene cili ndi cipinda ca opaleshoni.

MWANA ATABADWA

Khanda lipukutidwe, ligonekedwe pacifuwa ca mai wake khungu ndi khungu, ndipo liyamwe m'ola loyamba. Mkaka woyamba wacikasu, umene ena amaufinyira pansi, ndiwo citetezo coyamba ca mwana. Kusambitsa kudikire mpaka patapita maola 24. Pa mcombo pasapakidwe phulusa, ndowe kapena mafuta. Pakati pa 2011 ndi 2013 makanda oposa 37,000 a ku Cigawo ca Kumwera anaphatikizidwa m'kufufuza koyerekeza mankhwala opaka a chlorhexidine ndi kungosunga mcombo waukhondo ndi wouma, ndipo imfa za makanda sizinasiyane kwenikweni m'magulu awiriwo. Ukhondo ndiwo unali mutu wa nkhani. Cinthu cokha coyenera kukhudza mcombo ndi cimene anamwino apereka.

Mai akhale ku cipatala maola osacepera 24 atacira, ndipo abwererenso ku sikelo masiku amene wauzidwa mpaka pa masabata asanu ndi limodzi. Zizindikiro zofuna ulendo wa nthawi yomweyo, mimba ikalipo kapena itatha, ndi izi: kutaya magazi, mutu wopweteka kwambiri, kuona cizimezime, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kutuluka madzi nthawi isanakwane, ndi mwana kuleka kugunda m'mimba.

Akulu anati safunsa anadya phula. Banja lililonse limene lili ndi wapakati liyenera kukhala pansi mwezi wacisanu ndi cimodzi usanathe, mai mwini wake, mwamuna ndi apongozi ali pomwepo, nkugwirizana zinthu zinai: kumene mai akacirire, cimene adzakwere usana kapena usiku, amene adzamuperekeze, ndi amene adzatsale ndi ana panyumba. Mwamuna apite nao ku sikelo kuti akamve ndi makutu ake. Sabata la mawa danga lino lidzafotokoza za kulera ndi kutalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake.